Handulo Yomaliza ya a Makwinja

Ku Area 23, mukadutsa msika n'kukhotera kumene kuli chigayo, mupeza khonde limene a Goodwin Makwinja akhala akusokerapo zovala kwa zaka zoposa makumi awiri. Ndi munthu wamfupi, wowonda, wadazi, ndipo tepi yoyezera sichoka m'khosi mwawo ngakhale pamaliro. Anabadwira ku Phalombe. Ku Lilongwe anabwera ali mnyamata, atakhala pamwamba pa matumba a nandolo mulole, n'kufikira kwa amalume awo ku Mgona. Amalumewo anali telala. Ntchito ina itasowa mumzinda, mphwawoyu anayamba kusokerera mabatani, kenako kupinda mathalauza, mpaka tsiku lina anapezeka akudula yekha suti ya mkwati popanda womuyang'anira.

Chimene a Makwinja amanyadira ndi manja awo. Sakoka chinthu mwankhanza, sakankha chinthu ndi ukali. Zipi imene mwiniwake waitukwana sabata yonse, iwo amaipaka kandulo, kuinyengerera, mpaka iyende yokha. Ndipo sangakubwezereni chovalacho musanamve ulaliki wake. "Chilichonse chili ndi njira yake," amatero. "Mphamvu ndi za pamunda." Anthu amangovomera, poti thalauza lawo likadali m'manja mwa mlaliki.

Galimoto anagula chaka chimene sukulu zitatu za m'deralo zinasintha yunifolomu pakamodzi. Kanali kagalimoto kakang'ono kotuwa, kochokera ku Japan, koti kwawoko kanagwira kale ntchito mpaka kupuma. Injini inalibe mlandu. Mlandu unali pa mahandulo a kunja kwa zitseko, apulasitiki, amene dzuwa la mu Okutobala limawaumitsa mpaka kukhala ngati bisiketi. Onjezerani apo anthu athu a ku 23, amene kutsegula chitseko anaphunzirira pa minibasi, pamene umafunika manja awiri ndi phazi limodzi lopondera. Ndiye galimoto ya m'dera si ya munthu mmodzi. Wodwala, wamaliro, wachinkhoswe, wamatumba a makala, onse amadziwa pamene imagona.

Yoyamba kuthyoka inali ya kutsogolo, mbali ya wokwera. Anaithyola ndi mkulu wa mpingo, pa ulendo wa kumaliro ku Nathenje. Anakoka chitseko chisanamasulidwe loko, anakokanso, kachitatu anatsala nayo m'manja. Anaiyang'ana modabwa ngati waitola pamsewu, n'kuipereka kwa mwiniwake ndi manja awiri, kuti, "Pepani, yachoka yokha." Yachiwiri inali ya kumbuyo kwa dalaivala, ndipo inapita ndi mayi wina wa kwaya amene ankafulumira kuthawa mvula. Yachitatu, ya chitseko cha dalaivala, inathyoka ndi anyamata otsuka galimoto, ndipo mpaka lero aliyense amaloza mnzake.

Umu ndi mmene a Makwinja anadziwira Biwi. Kumagalaja kumeneko anapeza kuti sali okha. Pabenchi ya makaniko wina dzina lake Shepherd pankakhala aphunzitsi, abusa, ochita bizinesi, aliyense atafumbata kachidutswa ka pulasitiki ngati munthu wobwera ndi dzino lake kwa dokotala, ndipo aliyense anali ndi munthu woti amunamizire. Wina mkazi wake, wina mlamu wake. Wothyola yekha panalibe.

"Bwana, izi ndi zothyoka basi, tauni yonse ikulira," ankatero Shepherd. "Ndikupatseni yatsopano, koma ndi feki, mwezi sikwana. Kapena ya pa galimoto yakufa, ndi olijino, koma nayo yapsa kale ndi dzuwa. Sankhani imfa yanu."

A Makwinja anasankha imfa zonse ziwiri, mobwerezabwereza, mpaka anatopa. Anayesa guluu. Anayesa kumata kapepala pagalasi kolemba kuti KOKANI PANG'ONO, koma anthu ankakawerenga handulo ili kale m'manja. Mapeto ake zinthu zinakhala motere. Chitseko cha dalaivala ankachikonzetsa nthawi zonse, poti n'kosatheka kulowera pawindo pamaso pa makasitomala. Cha kutsogolo mbali inayo chinkatseguka ndi m'kati mokha. Cha kumbuyo kwa dalaivala chinafa loko yemwe, Shepherd n'kuchimanga ndi waya kuti chisadzatsegukenso. Chinatsala ndi cha kumbuyo kumanzere, chokhala ndi handulo yake yeniyeni imene inabwera nayo galimoto. Imeneyo sankalola munthu kuikhudza. Galimoto ikaima, ankatsika msanga, kuthamanga mozungulira, n'kutsegula okha ndi zala ziwiri. Azimayi a kumpingo ankati telala uja ndi waulemu kwabasi, osadziwa kuti ndi mantha.

Chitseko chimenecho chinali ndi khalidwe linanso. Atupele, mwana wawo womaliza, anachitsegulapo galimoto ikuyenda ku Kawale. Kuyambira tsikulo bambo ake anatsitsa kaloko ka ana, kachitsulo kakang'ono ka m'mphepete mwa chitseko kamene kamaletsa kutsegula ndi m'kati. Kachitsuloko munthu amakafikira pokhapokha chitseko chili chotsegula.

Tsono tisiye galimoto pang'ono, tinene za apongozi.

Mkazi wa a Makwinja ndi Ennie. Anabwera pakhonde paja ali mtsikana wogwira ntchito kumayadi, atanyamula diresi lakufa zipi. Telala anakonza zipiyo nthawi yomweyo, koma anamuuza kuti abwerenso Lachitatu, ndipo Lachitatu anamuuza Loweruka. Kwawo kwa Ennie, kuseri kwa Linthipe ku Dedza, mwamuna amakakhala kwa mkazi n'kumalima munda wa apongozi. A Makwinja anapempha chitengwa, kuti kumudziko suti angasoketse ndani? Ankhoswe anavomera. Mayi ake a Ennie, a Nambewe, sanatsutse pagulu, koma mwana wawo wamkazi anali yekhayo, ndipo zinawapweteka. Ukali wawo anausunga mumwambo. Paja mkamwini ndi apongozi amapewana, sayang'anana kumaso, salankhulana popanda wina pakati. Mabanja ambiri kumeneko amathetsa manyaziwo mwana woyamba akabadwa, apongozi n'kuphera mkamwini nkhuku. Mwana wawo woyamba, Favour, anabadwa, anakula, anayamba sekondale. Nkhuku ya a Nambewe inali ikuyendabe.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zinatha choncho. A Makwinja akapita ku Linthipe, mayiwo akawaonera patali ankapatukira m'chimanga. Moni ankadzera mwa Ennie, kuyankha kwake n'kudzeranso mwa Ennie. Chaka chilichonse telala ankawasokera diresi la Khirisimasi, muyeso wake akutenga pa chingwe chimene Ennie ankabwera nacho atamanga mfundo. Madiresiwo ankavalidwa, koma ku Area 23 a Nambewe sanapondeko. Ankati m'nyumba ya mkamwini sangagonemo. A Makwinja ankaseka nazo nkhaniyi pakhonde, koma mumtima zinkawawawa, chifukwa mayi awo owabala anamwalira iwo ali wamng'ono, ndipo ankalakalaka munthu womutchula kuti amayi.

Kenako ng'ala inagwira maso onse awiri a a Nambewe. Inayamba ngati nkhungu, n'kumakula. Tsiku lina anathira parafini mu ndiwo poyesa mafuta ophikira. Tsiku lina anapsa dzanja pofufuza mphika pamoto. Ennie atabwerako kokaona dzanjalo analira mpaka kutupa maso. Anapita kawiri kukawanyengerera, kachitatu anabwera nawo, atamva kuti kuchipatala cha maso mumzinda kwabwera madokotala ochotsa ng'ala, a sabata imodzi yokha.

"Bambo a Favour, ndagwira mwendo wanu," anatero Ennie tsiku limene anafika. "Mayi abwera mokakamizika. Mukangowalakwira pang'ono, mawa akwera ya ku Dedza, ndipo maso aja apita mpaka kale."

A Makwinja anasamukira kuchipinda cha kuseri. Ankatuluka m'mamawa, kubwera atatsokomola kaye pageti kuti apongozi apeze mpata wolowa m'nyumba. Masiku awiri anadutsa popanda cholakwika.

Tsiku la opaleshoni Ennie analawirira pa minibasi kukagwira mzere, chifukwa kumeneko dzina likaitanidwa popanda woyankha, khadi limapita pansi pa mulu. Mayi Thandie a nyumba yoyandikana ndiwo amayenera kukwera ndi a Nambewe kuti akhale pakati. Koma tsoka silinunkha: m'mawa womwewo kunabwera uthenga wa maliro ku Kaliyeka, mayi Thandie n'kunyamuka. Ana anali kusukulu. Panatsala anthu awiri amene sanalankhulanepo chibadwire.

Anakwanitsabe. A Makwinja anatsegula chitseko chawo chokondedwa chija ndi zala ziwiri, n'kukaima kuseri kwa mtengo wa mango akuyang'ana kumpanda. A Nambewe anafufuza ndi ndodo, analowa, n'kudzifunditsa chitenje kumutu. Mkamwini anabwera chammbali ngati nkhanu, anatseka, anapotoza kagalasi koonera kumbuyo kuti kayang'ane kudenga, ulendo n'kuyamba. Njira yonse munalibe mawu. Atafika pamlatho wa pafupi ndi msika waukulu, pamene magalimoto amayenda ngati akuperekeza maliro ndipo akuba amatsegula zitseko, a Makwinja anadina loko wa zitseko zonse. Thukuta linali litanyowetsa kale tepi ya m'khosi.

Pamalo oimika magalimoto kuchipatala anazimitsa injini n'kutsika. Chitseko cha dalaivala chimadzimasula chokha ukatsegula ndi m'kati, ndiye za loko zija anaiwala. Anathamanga mozungulira, anagwira handulo ndi zala ziwiri, anakoka. Sichinatseguke. Foni inalira m'thumba, anali Ennie.

"Muli kuti? Kwatsala anthu asanu okha. Ine sindingachoke pano, akaitana ayankha ndani?"

"Tafika, tikubwera," anatero a Makwinja. Ndipo munthu amene analalikira Area 23 yonse kuti mphamvu ndi za pamunda anagwira handulo ija ndi dzanja lonse n'kukoka ngati akuzula chinangwa. Inangoti phwa!

Anaima akuyang'ana m'dzanja mwawo. Woti amunamizire panalibe. Anathamangira kutsogolo kukamasula loko, koma zinali ngati kutseka khola mbuzi zitapita. Kunja handulo kulibe, m'kati kaloko ka ana kagwira, chitseko chinacho n'chomanga ndi waya. Apongozi anali atatsekeredwa.

Mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire wa ndevu zaimvi wolembedwa pachifuwa kuti Gwanda, anabwera akugwedeza ndodo yake.

"Alonda," anatero a Makwinja motsitsa mawu, "chonde auzeni amayi ali m'katimo kuti pachitika kangozi pang'ono."

A Gwanda anasuzumira, n'kuwayang'ana. "Bwanji osawauza nokha? Si awa ali apawa?"

"Ndi apongozi anga."

Mlondayo anaongoka nthawi yomweyo n'kukonza chipewa. Anali wa ku Dowa, zimenezi sanafunike kuuzidwa kawiri. Anadikira kuti a Makwinja atsegule chitseko cha kutsogolo ndi m'kati, n'kuwerama pamenepo. "Amayi, akuti pachitika kangozi pang'ono."

"Auzeni kuti ndamva," mawu anatuluka m'chitenje. "Ndi maso okha anapita, makutu ndili nawo."

"Akuti amva," anatero a Gwanda kwa munthu amene anaima phazi limodzi kuchokera pamenepo.

Anayesa waya. A Gwanda anapinda kawaya n'kulowetsa pabowo la handulo, kufufuza, kufufuza, mpaka anamva kachitsulo kakugwera pansi m'kati mwa chitseko. Anthu anayamba kusonkhana, ndipo monga mwa nthawi zonse aliyense anali makaniko. Wina anati aswe galasi. Wina anayamba kufotokoza za handulo ya galimoto yake, mmene anaithyolera mlamu wake. A Gwanda anaganiza zoti agonetse mpando wa kumbuyo, mayiwo atulukire kubuti, ndipo anapereka ganizolo mwaulemu.

"Auzeni kuti ine si thumba la mbatata."

Njira inatsala imodzi: kugonetsa mpando wa kutsogolo, mayiwo akwawe pamwamba pake mpaka atulukire chitseko cha kutsogolo. Koma munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, wosaona, wa mawondo owawa, sangachite zimenezo popanda womugwira. A Gwanda anadzipereka.

"Mwamuna wachilendo sanandigwirepo chimwalirire bambo ake a Ennie," anatero a Nambewe. Mayi wina wa pagululo anati ayese iye, koma atangolowetsa mutu n'kuwakoka mkono, gogoyo anabuula n'kubwerera pakona. Ankamva khamu la anthu limene sankaliona likuwakambirana ngati ng'ombe ya pamsika. "Alonda, auzeni andibweze kunyumba. Mawa ndizipita kwathu. Mwina Mulungu sanafune kuti ndionenso."

Foni inaliranso. A Makwinja sanayankhe, anangoona uthenga umene unatsatira: kwatsala awiri.

A Gwanda anatembenuka kuti apereke mawu aja, koma ataona nkhope ya telalayo anasendera pambali. A Makwinja anali ndi mantha kuposa tsiku lililonse la moyo wawo. Akamvera, awabweza kunyumba mwaulemu wonse, mwambo usanathyoke pena paliponse, ndipo mayiwa akakalamba mumdima akufufuza miphika pamoto. Akalankhula, mwina ndiye mapeto a zonse, mayiwa sadzawakhululukira. Anaika handulo yothyoka ija pamwamba pa galimoto. Anapempha anthu kuti asendere kutali, a Gwanda n'kuwathandiza ndi ndodo. Kenako anagonetsa mpando, anagwada pakhomo la chitseko cha kutsogolo, mawondo pa miyala, n'kuyang'ana kumbuyo kumene kunali chitenje.

"Amayi."

Chitenje sichinagwedezeke.

"Amayi, ndine mkamwini wanu. Wathyola chitsekochi ndine, palibenso wina. Ndikudziwa kuti pakamwa panga sipayenera kutseguka pamaso panu. Mlandu umenewu mukandizenge kumudzi, chimene akuluakulu akanene ndidzachita. Koma maso anu okha tisawasiye pano chifukwa cha kapulasitiki. Ennie sagona nazo. Inenso sindigona nazo."

Panapita nthawi yokwanira munthu kulowetsa ulusi m'singano katatu. Kenako dzanja la chipsera linatuluka n'kutsitsa chitenje kumutu. Maso oyera ndi ng'ala anafufuza kumene kunachokera mawu, n'kuphonya pang'ono.

"Bambo a Favour," anatero a Nambewe, "mawu anu ndi amenewa? Mukakhala pafupi ndi aang'ono chonchi?"

"Ndi omwewa, amayi. Ena ndilibe."

Mayiwo anapumira m'mwamba. "Bweretsani dzanja."

Ntchito imeneyo a Makwinja anaigwira ndi luso lawo lonse. Sanakoke. Anawauza pamene aike bondo, pamene agwire, pamene pali chitsulo cha lamba. Dzanja limodzi linagwira chigongono, linalo anatchinga nalo mutu kuti usagunde kudenga. "Pang'ono, amayi. Pumani kaye. Tsopano mwendo wamanzere." A Gwanda anaima atafulatira, atatambasula jekete lawo kuti anthu asaone gogo akukwawa. Mapazi atafika pansi, a Nambewe anakonza chitenje chawo, analandira ndodo, koma dzanja la mkamwini sanalisiye.

Anayenda choncho mpaka m'khonde la chipatala, kamwamuna kadazi ka tepi m'khosi ndi gogo wamtali kuposa iko. Ennie anali chiimire pafupi ndi chitseko, akuyang'ana uku ndi uku. Atawaona anagwira pakamwa. Anathamanga kuti alandire mayi ake monga mwa nthawi zonse.

"Siya," anatero a Nambewe. "Iwe umandikoka ngati mbuzi ya kumsika. Awa akudziwa kuyenda ndi munthu."

Namwino anatuluka ndi khadi m'manja n'kuitana dzina. Ennie anayankha. Pakhomo la chipindacho achibale saloledwa kupitirira, ndiye namwino anatambasula dzanja kuti awatenge. A Nambewe anaima kaye, zala zawo zikufinyabe dzanja la telala.

"Akuti nsalu ya pamaso amachotsa mawa?"

"Mawa m'mawa, agogo," anayankha namwino.

"Bambo a Favour, mawa musapite kukasoka. Pochotsa nsaluyo mudzaime kutsogolo kwanga. Zaka zonsezi mwandisungira mwana, ine ndikudziwa msana wanu wokha."

"Ndidzakhalapo, amayi."

Chitseko chinatsekeka. A Makwinja anakhala pabenchi pambali pa mkazi wawo, anavula tepi m'khosi n'kuyamba kuipinda bwinobwino, koma manambala ake sankawaona chifukwa cha misozi.